Momwe Lute Anaphunzirira Kulankhula kwa Munthu Wogontha

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, amayi a mumpingo, ndi inu atsikana anzanga a kusukulu amene mwandikakamiza kuti ndilembe zimene Mulungu anachita pakhomo pathu. Ine ndine Esinati, kwathu ndi kumapiri, kumtunda kwa Kandeu. Ndikulemba ndikusuzumira m'kabuku kanga kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, kuopa kuwonjezera kapena kudzikometsera. Vuto lathu linali ili: mng'ono wanga Lute anakwanitsa zaka zitatu ndi miyezi ingapo asanatchule liwu ngakhale limodzi, ndipo chifukwa cha kusalankhula kwakeko amayi anatsala pang'ono kuchotsedwa pabanja, iye ali kumsana.

Ndinenetu poyera kuti mu umboni uno muli anthu amene sindiwapatsa ulemu. Ndapempherera mtima wangawu kuti ufewe, ndipo ukufewa, koma mochedwa ngati nyemba za chaka chatha. Mmodzi mwa anthu amenewo ndi ine ndemwe.

Amayi ndi a ku Kasinje, kuchigwa. Atate anawalowola ndi ng'ombe n'kukwera nawo kumapiri kuno, kumene nyumba iliyonse yotizungulira ndi ya abale a atate. Pamene atate ankapita kumigodi ku Joni, amayi anali ndi pakati pa Lute, moti mwanayo anabadwa bambo wake ali kutali. Amene anadziika kukhala mlonda wa khomo lathu anali azakhali, a Nangozo, mlongo wawo wamkulu wa atate. Iwowa banja lawo linatha kalekale, ndipo m'munda mwawo simunapezekepo mzere wowongoka, koma kuwongola mabanja a anzawo ankakudziwa bwino.

Lute anabadwa wonenepa, wolira mwamphamvu. Anakhala pansi pa nthawi yake, anakwawa, anadya dothi monga achitira ana onse. Mano anayamba kumera am'munsi, moti ngakhale azakhali anasowa ponena. Ndikukumbukira bwino kuti ankabwebweta ali kumsana, ba-ba-ba, ma-ma-ma, akumenya amayi m'mapewa. Kenaka m'nyengo yozizira munalowa chikuku m'mudzi. Ana ena anapita. Lute anapulumuka, koma kwa masabata ambiri m'makutu mwake munkatuluka mafinya. Amayi ankapukuta ndi kansanza, ife tonse n'kumayamika Mulungu kuti mwana wakhala moyo. Palibe amene anaganizanso za makutuwo. Kubwebweta kuja kunayamba kuchepa ngati moto wosasonkhezera, mpaka kunazima, ndipo palibe anaona tsiku limene kunazimira.

Thupi lokha linapitirira kukula. Anayenda, anathamanga. Manja ake anali anzeru kuposa a anzake a msinkhu wake. Akaona amayi akupeta, ankatola chivundikiro cha mphika n'kumapeta mchenga. Ankabereka chitsononkho ndi kansalu, n'kumachigwedeza kuti chigone. Koma ukamuitana sankacheuka. Ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi chimene chinamudyetsa makofi ambiri: akaona munthu wamkulu akulankhula, ankapita kukaima patsogolo pake penipeni n'kumuyang'anitsitsa pakamwa, osaphethira.

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mwana sayang'ana wamkulu kumaso. Amagwada chapatali, maso pansi. Choncho azakhali akamuona Lute waima chomwecho, ankamuwomba khofi n'kunena kuti, “Chotsa maso ako a kadzidziwo! Mwana wopanda mwambo, ngati kwawo kwa amake.” Amayi, pofuna kumupulumutsa ku makofi ndi kudzipulumutsa okha ku manyazi, anayamba kumubisa kumsana. Alendo akabwera, kumsana. Kutchalitchi, kumsana. Kuchitsime, kumunda, kumsana. Mwana wa zaka zitatu, miyendo ili lendelende mpaka m'ntchafu mwa amake.

Chiweruzo cha azakhali chinali chachidule. “Kwathu kwa Ngozo sikubadwa zitsiru. Mbewu imeneyi yachokera kwina.” Ankakonda kuwerenga miyezi pazala pamaso pa anthu, kuyambira mwezi umene atate ananyamuka, ndipo nthawi zonse chala chimodzi chinkawasokonekera mowakomera iwo. Amayi a pachitsime, amene Lamulungu amaimba mokweza kuposa aliyense, ankamvetsera ndowa zikusefukira.

Tinayesa zimene anthu amayesa. Azakhali, amene ndi obatizidwa, anamutengera mwana kwa sing'anga wina amene anamutema mphini m'mbali mwa kamwa n'kudya tambala wathu. Zipsera zake zilipo mpaka lero, mawu sanatuluke. Amayi anayenda naye ulendo wa theka la tsiku kupita ku kachipatala kena, kumene anapeza mnyamata wa kabudula wa khaki, pensulo ili kukhutu, wodzimva ngati mzungu chifukwa cha botolo limodzi la mankhwala ofiira. Sanamukhudze mwana, ngakhale kumuyang'ana. Anati ana akumudzi amachedwa chilichonse, anapereka mankhwala otsegula m'mimba, n'kuitana wotsatira.

Tsopano ndifike pa ine. Ndinabwera kutchuthi kuchokera ku sekondale ndili ndi nsapato kuphazi ndi Chingelezi pakamwa. Atsikana ofika kumeneko ndife ochepa, ndipo ndinkayenda m'mudzi ngati kuti ndasenza dzuwa. Ndinati mumtima, anthu osaphunzirawa alephera, mwanayu akufunika sukulu. Ndinatenga sileti ndi kandodo, ndinamukhazika pamphasa, ine n'kuima kumbuyo kwake monga achitira aphunzitsi poyendera ntchito ya ana. Ndinalemba a, e, i, o, u, n'kumatchula. Iye ankapotokola khosi kuti andione kumaso. Ine ndinkagwira mutu wake ndi manja awiri n'kuubwezera kusileti. Tsiku lachitatu ndinamumenya. M'kabuku kanga muli mawu awa, ndipo sindinawafute dala: “Lero ndamumenya Lute. Ndi wouma mutu ndiponso wamwano. Kapena azakhali akunena zoona.” Amenewo ndiwo anali maphunziro anga onse a ku sekondale: khofi lomwe lija la azakhali, koma lochokera m'dzanja lodziwa kugwira cholembera.

Sitinadziwe kuti azakhali anali atalembetsa kale kalata kwa kalaliki wa pasitolo. Yankho la atate linafika ndili pomwepo, ndipo popeza wowerenga makalata pakhomo ndine, ndinaliwerenga mokweza pakhonde, amayi ndi azakhali akumva. Atatha kupereka moni kwa onse, ngakhale kwa ng'ombe, atate analemba kuti: “Ndibwera nthawi yokumba mbatatesi. Mwanayo ndikufuna adzanditchule ndi pakamwa pake. Akadzalephera ndidzadziwa kuti mlongo wanga wanena zoona, ndipo amake adzatsike naye kubwerera ku Kasinje. Esinati adzatsala, ndi wa kuno.”

Azakhali anafwenthera fodya wawo mokhutira. Amayi anamubereka Lute, anatenga khasu n'kulowera kumunda. Nditawatsatira ndinawapeza atakhala pakati pa mizere, khasu lili pambali losagwira ntchito. Anandifunsa funso limodzi lokha: “Iwe wawerenga mabuku, kodi mwana angakakamizidwe bwanji kutchula munthu amene sanamuonepo?” Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za kulima minda ya eni, kudyetsa apongozi mpaka kuwaika m'manda, zonsezo zinapachikidwa pa lilime la mwana.

Masiku amenewo ndinapemphera kwambiri, koma ndikawerenga mapemphero amene ndinalemba m'kabuku ndimachita manyazi. Sindinkapempha, ndinkamulangiza Mulungu. Ndinamuuza kuti atumize dokotala wachizungu wa galimoto, amene adzaime pabwalo, anthu onse akuona, azakhali agwe ndi manyazi, ine ndimasulire Chingelezi. Galimoto silinabwere. Mvula inapitirira kugwa, mbatatesi zinachita maluwa, ndipo duwa lililonse linkandikumbutsa kuti nthawi ikutha. Ndinafika polemba kuti Mulungu amamva za ku Boma zokha.

M'mbali mwa njira ya kuchitsime munali chisakasa cha a Filimoni. Bamboyu anabwera kuchokera kumigodi ine ndili wamng'ono. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi masutikesi, iwo anabwera ndi nyundo imodzi ndi makutu akufa, chifukwa cha makina obowolera miyala amene anagwira zaka zambiri. Ankakhalira kumata ndowa zodontha ndi kupanga nyale za koloboyi kuchokera ku zitini. Polankhula ankakuwa, ndipo ukawauza kanthu ankapendeketsa mutu n'kufunsa kuti, “Mwati chani?” Mudzi wonse unkawatcha a Mwatichani. M'tchalitchi ankakhala kutsogolo kwenikweni, maso ali pakamwa pa mlaliki, ndipo poimba ankatsalira m'mbuyo, kumaliza okha anthu onse atakhala kale pansi. Ife atsikana tinkatsinana n'kumaseka m'mipango. Ine ndinkadziwa kuwatsanzira kuposa onse.

Lute akangotsitsidwa kumsana, ankathawira kuchisakasako. Kangapo konse ndinakamukoka kumeneko, ndikunena mumtima kuti zitsiru zimadziwana.

M'mawa wina ndinapita ndi ndowa yathu yodontha. Ndinamupeza Lute ali komweko, manja onse awiri atawagwiritsa pa chidebe chimene a Filimoni ankakhoma. Nyundo ikagunda, iye ankaseka, kuseka kwa mawu, kumene ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali. Ndinamugwira pamkono kuti ndimuchotse.

“Musiyeni mnzangayo, mayi wa sukulu!” anakuwa a Filimoni.

“Akukusokonezani ntchito,” ndinatero ndikuyang'ana kumbali.

“Mwati chani? Yang'anani kuno polankhula. Nkhope yanga siluma.”

Ndinabwereza ndikuwayang'ana, ndipo anamva nthawi yomweyo. Anaika nyundo pansi. Anandiuza kuti ndiime kumbuyo kwa mwana ndimuitane. Ndinaitana katatu, sanacheuke. Iwo anatenga zitini ziwiri n'kuziwombanitsa kumbuyo kwa khutu lake lamanzere. Mwana anapitirira kuseweretsa chidebe. Anawombanitsa pafupi ndi lamanja, ndipo Lute anatembenuka msanga, maso ali tong'o. Kenaka bambo wamkuluyo, wa imvi zake, ananyonyomala mpaka nkhope yawo inalingana ndi ya mwana. Anatenga kadzanja kake n'kukaika pakhosi pawo, ndi dzanja lina anakweza ndowa yanga, n'kunena pang'onopang'ono kuti, “Ndo-wa.” Ndinaona ndi maso angawa milomo ya Lute ikusonkhana, ikuyesa kupanga chimene inkaona.

“Mwaona?” anatero. “Uyu si chitsiru. Khutu ili linafa, ili latsala ndi kampata ngati ka mbewa. Amamvera pamilomo ngati ine. Nanga inu mukamubisa kumsana tsiku lonse, aziona chiyani, nkhongo ya amake? Nkhongo imalankhula?”

Ndinati, “Bwanji simunanene kale?”

“Ndinanena, kawiri konse, kwa azakhali anuwo. Anaseka. Ndani amamvera a Mwatichani?” Anatola nyundo yawo. “Inu mumawerenga pepala, amakupatsani mphoto. Uyu akuwerenga pakamwa, mumamupatsa khofi.”

Ndinaiwala ndowa pomwepo. Ndinamunyamula Lute, osati kumsana koma pachifuwa, ndipo njira yonse ndinkalira iye akundiyang'ana pakamwa, akudikira kuti ndinene kanthu.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana ana a m'mudzi ngati kuti ndikuwaona koyamba. Khanda la kwa aneba linali kumsana kwa amake akusinja, amake akuimba, ilo likuyankha ndi timawu take. Ndinazindikira kuti mwana wakumva amayamwa mawu monga ayamwira bere, osaphunzitsidwa ndi sileti. Amawatola kumsana, pamtondo, pachitsime, m'mikangano ya akulu, ndipo tsiku lina amangowalavula, ife n'kumati wayamba kulankhula. Msana ndi sukulu yabwino kwa mwana amene makutu ake ali otseguka. Kwa Lute unali ndende. Iye anali atadzipezera yekha khomo lina lolowera mawu, ali ndi zaka ziwiri zokha, popanda womuuza. Ndipo ife akuluakulu, obatizidwa, ena ophunzira, tinaima pakhomopo ndi makofi chaka chathunthu ndi theka.

Amayi nditawafotokozera, anamasula nsalu, anamuika mwana patsogolo pawo, anagwada, n'kumuyang'ana m'maso. Anati, “Mwana wanga, ndinkakubisa, osadziwa kuti ndikukutsekera.” Lute sanamve, koma anawagwira milomo ndi zala.

Tinayenda naye ulendo wina kupita kwa namwino wa ku mishoni, mayi wachikulire wa kwathu konkuno, amene anayamba wamuseweretsa mwana asanamugwire khutu. Anatsuka makutu onse, anachotsamo zouma zambiri, n'kutipatsa mankhwala odonthezera. Lamanja linatsegukako. Lamanzere anatiuza mosabisa kuti silidzamvanso. Sindikufuna kukunamizani kuti Lute anachira. Mpaka lero khutu limenelo ndi lakufa.

Ntchito yeniyeni inali ya pakhomo, ndipo mphunzitsi wathu anali a Filimoni. Anatiuza kuti tizilankhula naye pamene nkhope yathu ili poyera, osati mumdima wa m'nyumba kapena titafulatira dzuwa. Tisamakuwe, chifukwa kukuwa kumapotoza milomo. Tizimupatsa chinthu m'manja, kenaka dzina lake pakamwa. Tiyambe ndi zimene iye akuzifuna, osati zimene ife tikufuna kuti anene. Ndipo tikanena, tizidikira. Kudikirako ndiye kunali kondivuta ine. Ndinazolowera kuti mphunzitsi akafunsa, yankho lizibwera ndodo isanatsike.

Amayi anayamba kugwada paliponse, pachitsime, pamunda, pakhomo pa tchalitchi, chikho m'manja, kadzanja ka mwana pakhosi. Mudzi unapeza chosekera chatsopano. Azakhali ankaitana anthu odutsa: “Bwerani mudzaone! Wamkulu akugwadira mwana! Aphunzitsi ake ndi gonthi wa zitini. Dziko latha ili.” Anthu amenewa, amene sanabweretsepo ngakhale dzira limodzi pamene mwana ankadwala chikuku, nthawi yoima n'kumaseka anali nayo yambiri. Amayi anaphunzira kugontha nawonso.

Liwu loyamba linabwera patapita masabata atatu, masana a dzuwa, tikuchokera kumunda. Amayi ananyamula chikho cha madzi m'mwamba osamupatsa, akubwereza, akudikira. Lute anakwiya, anaponda pansi, kenaka anati, “Mazi.” Chikho chinawapulumuka amayi, madzi onse n'kutayika, ndipo tinachita kukatunga ena. M'kabuku ndinalemba liwu limenelo lokha, tsamba lonse.

Ndinabwerera kusukulu mtima uli m'mwamba. Pobweranso kutchuthi ndinapeza masamba a mbatatesi ayamba kuuma, ndipo Lute ali ndi mawu ochuluka kuposa zala za manja ndi mapazi anga: moto, mbuzi, ndowa, amama, iwe, toto. Ankawatchula mopotoka, koma anali mawu. Ankakhala theka la tsiku kuchisakasa akupatsira a Filimoni zitini. Anali atayambanso kusewera masanje ndi anzake, amene anaphunzira msanga kuposa makolo awo kuti Lute ukamufuna umamugwira paphewa n'kumuyang'ana.

Koma liwu limodzi lokha limene tinkalifuna linakana. Madzi umamupatsa m'chikho, mbuzi umamuonetsa m'khola. Nanga atate umuika chiyani m'manja? Ndinatenga chipewa chawo chakale chimene chinkapachikika kukhoma, ndinachivala, n'kunena kuti, “A-ta-te.” Iye anandiyang'ana ngati ndapenga n'kunena kuti, “Pewa.” Anali kunena zoona. Mwana satchula chimene sanachione. Funso la amayi la kumunda lija linali lidakali chiimire.

Atate anafika masana ndi lole ya amwenye, atavala jasi lalitali ngakhale kunali dzuwa, masharubu atakula mpaka kuphimba mlomo. Anawaikira mpando pabwalo. Abale anasonkhana, akuwombera m'manja, “Ngozo! Ngozo!” Azakhali anakhala pafupi ndi mpandowo ngati ndiwo anawabweretsa. Amayi anakhala patali pamphasa. Malonje atatha, azakhali sanadikire n'komwe kuti mlendo amwe madzi.

“Bweretsani chija tione. Chigwade apo, maso pansi, monga mwa mwambo. Pano si pa zitini.”

Anamugwadika Lute patali, anamuweramitsa mutu ndi dzanja lawo. Atate sanamuyang'ane mwanayo. Ankayang'ana nsapato zawo. Anafunsa motsitsa, mawu akutayikira m'masharubu, “Iwe, ndine yani ine?”

Chete. Anafunsanso. Nkhuku yokha ndiyo inayankha.

“Ndinanena ine,” anatero azakhali, akutambasula manja kwa anthu. “Kalata sinama.”

Ndinaona amayi akumanga nsalu yawo m'chiuno, monga achitira munthu wokonzekera ulendo. Apo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse a moyo wanga, lopanda malangizo: Ambuye, ine zandikanika.

Lute anatopa ndi kuyang'ana fumbi. Anadzutsa mutu, anaona kuti anthu onse akuyang'ana mlendo wa pampando, ndipo anachita chimene anamenyedwera moyo wake wonse. Anaimirira, anayenda mpaka pa mawondo a atate, anawayang'anitsitsa pakamwa. Masharubu anamusokoneza. Anapendeketsa mutu, khutu lamanja kutsogolo, n'kukuwa ndi mawu a a Filimoni enieni:

“Mwati chani?”

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Azakhali anadzuka dzanja lili m'mwamba. Ine, amene ndinali ndisanayankhepo wamkulu chibadwire, ndinapezeka ndaima pakati pawo ndi mwana. Ndinagwada n'kunena kuti, “Atate, chikuku chinamutseka makutu. Amamvera pamilomo. Mukafuna akumveni, tsikani pampando.”

“Mwamuna wa kwa Ngozo agwadire kamtsikana?” anatero azakhali. “Sukulu yakuwononga iwe!”

Atate okha ndiwo sanaseke. Ankayang'ana mutu wopendekeka uja. Anthu opendeketsa mutu chomwecho iwo anagona nawo m'chipinda chimodzi kumigodi zaka zinayi. Anavula chipewa. Anatsika pampando, bondo la buluku latsopano n'kulowa m'fumbi. Ndi zala ziwiri anakweza masharubu awo kuti mlomo uoneke, anthu n'kusekanso, koma mochepa. Ine ndinatenga kadzanja ka Lute n'kukaika pakhosi pawo.

“Ndati,” anatero atate pang'onopang'ono, akudzigunda pachifuwa, “ndine atate ako. A-ta-te.”

Lute anayang'ana milomo, anayang'ana chifuwa, anandiyang'ana ine. Tinadikira. Atate anafuna kubwereza, amayi ali patali paja anati, “Dikirani.” Anadikira. Milomo ya mwana inayesa kamodzi popanda mawu. Kenaka anawagunda pachifuwa pomwe anadzigunda iwo.

“Tate.”

Atatero, Lute anatola chipewa cha atate pansi, anadziveka, chinamumiza mpaka m'mphuno, ndipo mkati mwakemo tinamva, “Pewa.”

Azakhali anayesa komaliza. “Wangotsanzira ameneyo. Achimwene, musapusitsidwe, miyezi ija ine ndinawerenga bwinobwino.”

Atate anatembenuka akadali chogwada, mwana ali m'manja, n'kupendeketsa mutu. “Mwati chani, alongo? Khutu ili linafera kumgodi chaka chatha. Kuyambira lero, mukakhala ndi mawu okhudza mkazi wanga, muzibwera kutsogolo kuno, iye ali pomwepo, ndizikuonani pakamwa.”

Mpaka lero sanabwere. Nkhani za kumbali ndizo ankazitha. Tsopano amauza anthu pachitsime kuti iwo ankadziwa kuyambira kale kuti vuto ndi makutu, ndipo amayi a pachitsime aja amavomereza, ndowa zikusefukira.

Sindibisa kuti atate sanapepese kwa amayi ndi pakamwa, ndipo kalata ija ndikuisungabe pakati pa kabuku kanga. Munthu wokhulupirira kalaliki wa pasitolo kuposa mkazi amene anamuikira makolo ake m'manda ali ndi zoti akambirane ndi Mulungu wake. Koma m'mawa mwake anameta masharubu onse, ndipo anatenga jasi lija n'kupita nalo kuchisakasa. Amayi akukumba mbatatesi zawo m'munda mwawo. Ku Kasinje anapitako kukacheza, atate atanyamula Lute paphewa.

Ndikuyamika Mulungu amene sanamvere malangizo anga. Ndinapempha galimoto, Iye anali ataika kale yankho m'mbali mwa njira imene ndinkadutsa kawiri pa tsiku ndikuseka. Ndikuyamika a Filimoni, amene ndinapita kukawapepesa ndikuwayang'ana kumaso, iwo n'kungoti ndowa yanga yakhala ikundidikira miyezi inayi. Ndikamaliza sukulu ndikufuna kudzaphunzitsa ana aang'ono, ndipo ndikudziwa kale kuti sindidzaima kumbuyo kwa mwana aliyense.

Inu amayi amene muli ndi mwana wochedwa kulankhula, kapena kuyenda, kapena wochita zimene anzake sachita, musataye mtima ndipo musamubise. Musanamutche wamwano, yambani mwafunsa kuti akufuna chiyani ndi chimene akuchitacho. Mwana sachita kanthu pachabe. Ngati anadwalapo makutu, muyeseni kumbuyo ndi zitini ziwiri. Mutsitseni kumsana nthawi zina, mugwade, akuoneni pakamwa. Oseka adzaseka, ndiyo ntchito yokha imene amaidziwa. Limbikirani kupemphera, koma potuluka m'pemphero muziyang'ana bwino anthu amene mumawanyoza, chifukwa mwina ndi amene atumidwa.

Lamulungu lapitali ndinakhala kutsogolo m'tchalitchi, kumene kale sindinkafuna kukhala. A Filimoni anali pamalo pawo, atavala jasi, Lute ali pambali pawo, onse awiri maso ali pakamwa pa woyambitsa nyimbo. Nyimbo inatha, anthu anakhala pansi. Mawu awiri anapitirira, lina lokalamba, lina laling'ono, onse osalondola, akutsata m'mbuyo mwapang'onopang'ono. Kumbuyo kwanga mtsikana wina anayamba kuseka m'mpango. Ndinacheuka n'kumuyang'ana mpaka anameza phwete lakelo. Mlaliki anaima buku lili m'manja, ndipo mpingo wonse unadikira kuti awiriwo amalize tisananene Ameni.